ZA PA MSEU: NYALI ZA GALIMOTO PA NTHAWI YA MVULA YAIKULU

Nyengo ya dzinja ikafika, kuyambira m'mwezi wa Novembala kufikira mu Epulo, alimi a m'cigawo ca kum'mawa amayang'ana kumwamba ndi ciyembekezo. Ku Chipata ndi madera ozungulira kumagwa mvula yokwana pafupi-fupi mamilimita 1,000 pa caka, ndipo yambiri mwa mvula imeneyi imagwa m'miyezi itatu yokha, ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Mvulayo ndiyo moyo wa cimanga, nshawa, thonje ndi fodya. Koma akulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope ena a nyengo imeneyi sapezeka m'munda ai, koma pa mseu.

Miyezi ya mvula yaikulu ndiyonso miyezi imene miseu imadzala ndi anthu a pa ulendo. Alimi amatuta fetereza ndi mbeu pa ngolo ndi pa njinga. A m'tauni amabwera kumudzi kudzadya Khirisimasi ndi Caka Catsopano pamodzi ndi abale ao. Mu Januwale ana amabwerera ku sukulu, ndipo kumapeto kwa Febuluwale khamu la anthu limalunjika ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala. Ambiri mwa anthu amenewa amakumana pa mseu waukulu wa Great East, umene ucokera ku Lusaka kufika ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 570, ndi kupitirira mpaka ku malire a Mwami. Pa mseu womwewo pamayendanso malole akulu-akulu a katundu ndi mabasi a maulendo atali.

Ziwerengero za apolisi zisonyeza kuti m'caka ca 2021 anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pa mseu m'dziko la Zambia, ndipo mu 2022 zinali cimodzimodzi. Ambiri mwa iwo sanali ogwira ciongolero, koma anthu oyenda pansi, a pa njinga ndi okwera. Cifukwa cake nkhani ya mlungu uno si ya madalaiva okha. Ikhudza banja liri lonse limene liri ndi mwana woyenda m'mphepete mwa mseu popita ku sukulu, kapena bambo wopalasa njinga kucokera ku msika.

Mvula ikalimba anthu a pa mseu samvana ndi pakamwa, pakuti magalasi amakhala otseka, ndipo phokoso la madzi pa denga limaphimba ngakhale kulira kwa hutala. Saonananso nkhope kapena dzanja lolozera. Cimene cimatsala ndi nyali zokha. Nyali iri yonse ya galimoto iri ndi mau ake: ina iti "ndiri pano," ina iti "ndikhota," ina iti "ndiima," ndipo ina iti "ndaonongeka, ndilambalaleni." Dalaiva amene ayatsa nyali yosayenera anena bodza kwa anzake, ndipo amene sayatsa konse wakhala cete pamene anayenera kucenjeza. Zonse ziwirizi zimaphetsa anthu.

KUONA NDI KUONEDWA

Madalaiva ambiri amaganiza kuti nyali ndi za usiku wokha. Mvula ikagwa masana amayenda osayatsa, namati, "Ine ndiri kuona bwino, nyali nza ciani?" Koma nchito ya nyali masana si kuunikira dalaiva njira, koma kumuonetsa iye kwa anzake. Galimoto yotuwa, yoyera kapena yakuda ikalowa m'cimvula, maka-maka m'nthunzi ya madzi imene malole amautsa ndi matayala ao, imafanana ndi mvula yomweyo, kotero kuti wobwera kutsogolo amaizindikira itafika kale pamphuno.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ora imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Magalimoto awiri akamabwera moyang'anana pa liwiro limeneli, mpata wa pakati pao umacepa ndi mamita 44 pa sekondi iri yonse. Ngati mvula ilola munthu kuona mamita 50 okha, madalaiva awiriwo ali ndi sekondi imodzi yoti aonane, aganize ndi kupatukirana. Nyali yoyaka imaboola mvula ndi kuoneka patali kuposa thupi la galimoto, motero imaonjezera nthawi yocepa ija.

Langizo losabvuta kukumbukira ndi ili: dzanja likayatsa mawaipa, liyatsenso nyali. Nyali zoyenera ndi za kutsogolo zoweramira pansi, zimene madalaiva amazicha dimu. Zimenezi zikayaka, nyali zofiira za kumbuyo nazonso zimayaka, ndipo wotsata m'mbuyo amadziwa kuti patsogolo pake pali wina. Tinyali tating'ono ta paking'i sitikwanira, pakuti tinapangidwira galimoto yoima, ndipo m'mvula kuwala kwake kumathera pafupi.

Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi tinyali ta kutsogolo timene timayaka tokha injini ikangolira. Pa magalimoto ambiri otere nyali zofiira za kumbuyo siziyaka pamodzi nato. Dalaiva amaona kuwala kutsogolo, naona mawochi a pa deshibodi ali kuwala, nayesa kuti zonse ziri bwino, pamene kumbuyo kwake kuli bii. Ena ali ndi nyali zoyaka zokha kukada, koma izi zimayembekeza mdima, ndipo kawiri-kawiri mvula ya masana siziizindikira. Cotero dalaiva asadalire makina; ayatse dimu ndi dzanja lake.

NYALI ZA FULU

Colakwa caciwiri ndi ca iwo amene, poona kuti njira yada, amayatsa nyali zazikulu zowalira patali, zochedwa fulu. Usiku wopanda mvula, pa mseu wopanda wina, nyali zimenezi nzothandiza. Koma m'mvula yaikulu kuwala kwake kumagunda madontho a madzi ndi kubwerera m'maso mwa dalaiva mwini wake, kotero kuti kutsogolo kumaoneka ngati cinsalu coyera. Nyali ya dimu imaunika pansi, pamene pali maenje, mzere wa pakati ndi mphepete mwa mseu, ndipo zimenezo ndizo zimene dalaiva afunika kuona.

Coipa cacikulu ca fulu cimagwera wobwera kutsogolo. Galasi lake liri ndi madzi, mseu wa tala wonyowa uli kunyezimira ngati kalirole, ndipo nyali ikamthobwa m'maso amayenda masekondi angapo osaona kanthu. M'masekondi amenewo kumanzere kwake kungakhale mai wobereka mwana, mnyamata wa pa njinga, kapena ngolo yocokera ku cigayo. Amene anayatsa fulu amapitiriza ulendo wake osadziwa kanthu, koma m'mbuyo mwake mwatsala maliro.

Ulemu wa pa mseu ufuna kuti dalaiva atsitse nyali zake akangoona kuwala kwa mnzake, ngakhale wobwerayo ndi wa njinga yamoto, wa njinga yopalasa kapena wa pansi. Atsitsenso pamene ali kutsata galimoto ina, pakuti fulu imalowa m'magalasi oonera kumbuyo a wa patsogolo. Mnzake akaiwala kutsitsa, amkumbutse mwa kuphethira kamodzi. Akakana ndithu, kubwezera ndi fulu n'kupusa, cifukwa pamenepo pa mseu pakhala akhungu awiri oyendetsa zitsulo moyang'anana. Wanzeru amacepetsa liwiro, nacotsa maso pa nyalizo, nayang'ana mphepete ya kumanzere kufikira winayo atapita.

Palinso ena amene amamangirira nyali zoonjezera zowala kwambiri pa bampala kapena pa denga. Nyali zotere nza m'chire ndi m'mapulazi kumene kulibe wokumana naye. Pa mseu wa anthu onse zizimitsidwe pakubwera wina. Nyali za nkhungu, zimene zikhala m'munsi, zingathandize mvula ikalimbitsitsa, koma ikangokata zizimitsidwe, maka-maka yofiira ya kumbuyo, pakuti imawala ngati nyali ya mabuleki ndi kusokoneza wotsata.

MKANGANO WA MAHAZADI

Nkhani imene madalaiva amatsutsana kwambiri ndi ya mahazadi, nyali zinai zija zimene zimaphethira pamodzi. Cizolowezi cafala cakuti mvula ikangolimba, magalimoto a mumzere amayatsa mahazadi namapitiriza ulendo. Ocita zimenezi alibe mtima woipa. Iwo amati afuna kuti wa kumbuyo awaone msanga, ndipo mantha ao ngomveka. Koma mankhwala aowo ali ndi zobvuta zitatu.

Coyamba, mahazadi ali ndi tanthauzo lake, ndilo lakuti galimoto yaima, yaonongeka, kapena pali coopsa patsogolo pomwepo. Wobwera m'mbuyo akawaona m'cimvula sadziwa ngati galimotoyo iri kuyenda kapena yaima. Angaponde mabuleki mwadzidzidzi pa mseu woterera, kapena angapatukire kumanja kuti ailambalale, nagundana ndi wobwera kutsogolo. Coopsa koposa ncakuti anthu akazolowera kuona mahazadi pa magalimoto oyenda, tsiku limene adzapeza lole yoimadi pakati pa mseu adzayesa kuti nayonso iri kuyenda.

Caciwiri, mahazadi amagwiritsa nchito nyali zomwezo za maindiketa. Pamene onse anai ali kuphethira, dalaiva amene afuna kukhotera ku mseu wa ku Chadiza kapena wa ku Lundazi, kapena kupatuka kuti atsitse munthu, alibe njira youzira anzake. Ndiponso mau ena amene madalaiva a malole ndi mabasi amauzana pa maulendo atali amatayika. Ambiri adziwa kuti lole ya kutsogolo ikayatsa indiketa ya kumanja pa mseu woongoka, iri kucenjeza wa m'mbuyo kuti asapitirire cifukwa kuli kubwera wina, ndi kuti usiku ena amayatsa indiketa yomweyo pokumana, kuti aonetse pamene pathera thupi la galimoto yao. Zimenezi si za m'buku la malamulo, ndipo dalaiva wanzeru sapitirira mnzake pokhulupirira indiketa ya munthu wina asanadzionere yekha. Komabe mahazadi akayaka, ngakhale cenjezo laling'ono limeneli limazimirira.

Cacitatu, kuphethira kwa nyali zambiri m'mvula kumalemetsa maso a wotsata, kotero kuti nyali za mabuleki zikayaka amacedwa kuzizindikira.

Mahazadi ayatsidwe pamene galimoto yaonongeka kapena yaima pa malo oopsa. Angayatsidwenso kanthawi kocepa pamene dalaiva wapeza mwadzidzidzi mtengo wogwa, madzi osefukira kapena ngozi, kuti a m'mbuyo acepetse liwiro. Iwo akaona, azimitsidwe. Ngati dalaiva aona kuti mvula yafika poti sangayende popanda mahazadi, ndiye kuti yafika poti asayende konse. Afune malo otakasuka kunja kwa mseu, aime, ndipo pamenepo mahazadi ake adzanena zoona.

GALIMOTO YA DISO LIMODZI

Nyali yakufa ndi bodza linanso. Galimoto imene yafa nyali imodzi ya kutsogolo imaoneka ngati njinga yamoto, ndipo wobwera kutsogolo amaisiyira mpata wa njinga yamoto. Zimaipa kwambiri ikafa nyali ya kumanja, pakuti ndiyo imene iri cakupakati pa mseu. Lole yopanda nyali za kumbuyo, yokwera citunda pang'ono-pang'ono ndi matumba a fetereza, iri ngati khoma loimikidwa mumdima. Mtengo wa balubu ngwocepa poyerekeza ndi mtengo wa bokosi la maliro. Asananyamuke, mwini galimoto ayatse nyali zonse, natume kondakitala kapena mwana wamkulu kuti aime kumbuyo ndi kumuuza ngati za mabuleki ndi maindiketa ziri kuyaka.

Pa miseu ya dothi ya kumidzi matope amamata nyali kufikira kuwala kwake kutatsala kocepa. Dalaiva wocokera ku miseu yotere, asanalowe mu tala, aime napukute nyali zonse pamodzi ndi zonyezimira, zoyera za kutsogolo ndi zofiira za kumbuyo. Ndi nchito ya mphindi ziwiri ndi kansalu kamodzi.

Nyali sizithandiza ngati galasi siliri kuonetsa. Mphira wa mawaipa umauma ndi kung'ambika ndi dzuwa la Okutobala, cotero uyenera kusinthidwa mvula isanayambe. Mkati mwa galimoto yodzala anthu, mpweya wao umamata nthunzi pa magalasi. Dalaiva alozetse mphepo ya fani ku galasi la kutsogolo, kapena atsegule zenera pang'ono, m'malo mopukuta ndi dzanja limodzi pamene lina liri pa ciongolero. Matayala nawonso ayang'anidwe. Mizere ya pa tayala ndiyo ngalande zotulutsira madzi, ndipo tayala lakutha, losalala ngati dazi, liribe kotayira madziwo.

LIWIRO NDI MPATA

Nyali zabwino sizipulumutsa munthu wothamanga kupitirira pamene maso ake afika. Dalaiva ayende pa liwiro limene angathe kuima nalo mkati mwa mtunda umene ali kuona. Pa mseu wonyowa galimoto ingafune mtunda wowirikiza kawiri kuti iime. Cifukwa cake mpata wa masekondi awiri umene usiyidwa pakati pa magalimoto kunja kuli kouma, uyenera kukhala wa masekondi anai m'mvula. Kawerengedwe kake nkosabvuta: galimoto ya kutsogolo ikadutsa pa mtengo kapena pa cikwangwani, wa m'mbuyo awerenge pang'ono-pang'ono kufikira zinai, akafika pa mtengowo asanathe kuwerenga, ndiye kuti wayandikira kwambiri.

Mvula yoyamba ndiyo yonyenga koposa, pakuti imasakaniza fumbi ndi mafuta amene anadontha pa tala cirimwe conse, ndipo mseu umaterera ngati therere. Madzi akaculuka pa mseu, matayala a galimoto yothamanga amatha kuyandama pamwamba pa madziwo osakhudza pansi, ndipo dalaiva amamva ciongolero cikupepuka m'manja. Pamenepo asaponde mabuleki mwamphamvu kapena kukhota modzidzimuka. Acotse phazi pa mafuta, agwire ciongolero moongoka, ndipo matayala adzagwiranso pansi. Akumbukirenso kuti cithaphwi ciri conse cingabise dzenje.

Pakati pa Rufunsa ndi Nyimba, kumene mseu umakhota-khota m'mapiri a Manenekela ndi kutsikira ku ulalo wa Luangwa, mvula ifuna kudekha kwakukulu. Potsetsereka dalaiva atsike ndi giya yaing'ono kuti mabuleki asatenthe, ndipo asapitirire lole pokhota, pa citunda, kapena pamene nthunzi ya madzi yatseka kutsogolo. Wa lole naye, akaona kuti m'mbuyo mwake mwakhala mzere wautali, apatuke pa malo abwino kuti anzake adutse. Umenewo ndiwo ulemu umene umaletsa ena kucita zinthu mopupuluma.

Pa timaulalo ta m'madambo, madzi akasefukira, palibe nyali imene ingaonetse za pansi pake. Madzi othamanga akuya masentimita 30 okha angathe kunyamula galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 15 angagwetse munthu wamkulu. Ndiponso palibe amene adziwa ngati ulalowo ukalipo kapena wakokoloka. Mitsinje ing'ono-ing'ono imadzala msanga, nimaphwanso msanga, motero kuyembekeza maora awiri kapena atatu si kutaya ulendo. Dalaiva akaoloka madzi osaya, aponde mabuleki pang'ono-pang'ono kangapo kuti aume.

POIMA NDI POONONGEKA

Wofuna kuima kuti mvula ikate asankhe malo bwino. Asaime pokhota, pa ulalo, kuseri kwa citunda kapena pansi pa mtengo waukulu. Acotse matayala onse anai pa tala ngati nthaka ilola, kapena afike pa malo opumulira, pa sitolo kapena pomwetsera mafuta. Galimoto yoima theka mu mseu m'cimvula ndi msampha.

Galimoto ikaonongeka pa malo pamene singasunthe, mahazadi ayake nthawi yomweyo, ndipo mathirayango awiri amene galimoto iyenera kukhala nao aikidwe, lina kutsogolo, lina kumbuyo, pa mtunda wa mapazi 50 kapena kuposa. Ngati pali pokhota, thirayango liikidwe kuseri kwa pokhotapo, kuti wobwera alione asanakhote. Nthambi za mitengo zimene ambiri amatandika pa mseu zimathandizako masana, koma usiku wa mvula sizinyezimira. Amene wazitandika azicotse pocoka, pamodzi ndi miyala imene anachingira matayala, pakuti mwala wosiyidwa pa tala umagwetsa wa njinga yamoto. Okwera atsike, naime patali ndi mseu, angakhale anyowe, m'malo mobisala kumbuyo kapena pansi pa galimoto yoonongekayo.

Ena odutsa asangoyang'ana. Kucepetsa liwiro, kucenjeza obwera kutsogolo, kapena kukauza apolisi pa malo oyamba opezeka, ndi thandizo lalikulu. Mnzako akapsa ndebvu mzimire, anatero makolo, pakuti mawa adzazima zako.

ULEMU KWA ANTHU A PANSI

Munthu wa m'galimoto ali pouma ndi pofunda, pamene wa pansi ali kunyowa. Ici cokha ciyenera kumphunzitsa dalaiva kuleza mtima. Kulowa m'cithaphwi ndi liwiro ndi kuwaza matope ana a sukulu obvala yunifomu, amai osenza ufa kapena anthu opita ku maliro, ndi cipongwe cimene munthu woleredwa bwino sangacite pa bwalo la mudzi, ndipo sayenera kucicita pa mseu. Mwana amene ali ndi yunifomu imodzi yokha, ikadetsedwa m'mawa, tsiku limenelo sukulu yaphonyeka.

Wa njinga amapatuka mwadzidzidzi pozemba dzenje kapena cithaphwi, ndipo mabuleki a njinga yonyowa sagwira msanga. Dalaiva amsiyire mpata waukulu, ndipo ngati kutsogolo kuli kubwera wina, ayembekeze m'mbuyo mwake m'malo momkankhira m'matope. Ng'ombe zokoka ngolo zimadzidzimuka ndi hutala wolira pafupi ndi nyali zowathobwa m'maso, ndipo zingalumphire pakati pa mseu. Podutsa pa misika ya m'mbali mwa mseu monga ku Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, dalaiva adziwe kuti anthu othawa mvula amaoloka mothamanga, mutu uli pansi, osayang'ana uku ndi uku.

MBALI YA A NJINGA, A NGOLO NDI A PANSI

Nao anthu a kumidzi ali ndi mbali yao, pakuti dalaiva sangalambalale cinthu cimene sali kuciona. Magalimoto m'dziko la Zambia amayenda kumanzere, cotero munthu wa pansi ayende kumanja kwa mseu, moyang'anana ndi magalimoto obwera, kuti aone coopsa cisanafike. M'cisisira ndi mbandakuca abvale cobvala cowala, kapena citenge ca maluwa oyera, ndipo anyamule toci kapena ayatse kanyali ka pa foni. Ambulera ndi pulasitiki yofunda kumutu zimatseka maso ndi makutu, motero asanaoloke aime, akweze ambulerayo, nayang'ane mbali zonse ziwiri. Makolo aphunzitse ana kuyenda mondondozana, osati mopingasa, ndi kusasewera m'madzi a m'ngalande za mseu.

Njinga yopalasa ikhale ndi nyali yoyera kutsogolo ndi conyezimira cofiira kumbuyo. Katundu womangidwa pa keriya, monga thumba la makala kapena la fetereza, asaphimbe conyezimiraco. Wa njinga yamoto ayatse nyali yake usana ndi usiku, abvale helemeti iye pamodzi ndi womkweza, ndipo asayende pafupi ndi matayala a lole pamene pali nthunzi ya madzi.

Ngolo ya ng'ombe ndiyo imene iri pa ngozi koposa, pakuti njaikulu, njakuda, iyenda pang'ono-pang'ono, ndipo iribe nyali. Mwini ngolo akhomere zonyezimira zofiira kumbuyo ndi zoyera kutsogolo. Zimapezeka m'masitolo a zitsulo za magalimoto ndi njinga pa mtengo wocepa. Akonze ulendo wake kuti acoke mu tala dzuwa lisanalowe, ndipo mitambo ikada apatutsire ng'ombe kunja kwa mseu kufikira mvula itakata. Nchito yoyendetsa ngolo pa mseu waukulu isasiyidwe m'manja mwa ana aang'ono okha.

MAU A OKWERA

Okwera basi nao ali ndi mphamvu imene ambiri saigwiritsa nchito. Ena, mvula iri mkati, amapfuula kuti, "Pondani adalaiva, tacedwa!" ndipo dalaiva akaima kuti mvula ikate amamnyoza kuti ngwamantha. Anthu otere ali kukumba manda ao omwe. Dalaiva amene waima cifukwa sali kuona ayenera kuyamikidwa. Koma amene ali kuthamanga m'cimvula, osayatsa nyali, kapena ali kulankhula pa foni, auzidwe mwaulemu ndi mosaopa kuti, "Adalaiva, cepetsaniko pang'ono, tonse tasiya ana kunyumba." Munthu mmodzi akayamba, ena amgwirize, pakuti mau a anthu khumi samveka ngati a mmodzi.

Dalaiva akakana kumva, okwera alembe nambala ya basiyo ndi kukauza apolisi a pa mseu, kapena a bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za pa mseu la 2002 kuti liyang'anire malaisensi, ubwino wa magalimoto ndi citetezo ca anthu a pa ulendo. Kunena dalaiva wosasamala si kumcotsera nsima pakamwa ai, koma kumpulumutsa iye pamodzi ndi amene adzakwera basi yake mawa.

Apolisi ndi a RTSA sangaime pa kilomita iri yonse ya mseu, ndipo m'cimvula sipakhala mboni yoona amene anayatsa fulu kapena amene anasiya mwala pa tala. Cimene cimasunga anthu pa nthawi yotero ndi khalidwe la munthu ali yense payekha. Nyakwawa, aphunzitsi ndi akulu a mipingo angathandize pokumbutsa anthu ao zimenezi pa misonkhano, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengereko anzao. Kuthamanga si kufika. Mvula yaikulu kawiri-kawiri sikhalitsa, ndipo munthu amene anaiyembekeza m'mbali mwa mseu amafika kwao mocedwa pang'ono, napeza nsima ikali kumyembekeza.

Mlungu wa mawa danga lino lidzakamba za kanyamulidwe ka anthu ndi katundu pa njinga zamoto.